Nyengo yasokonekera: kodi kafukufuku wa chakudya ayambire pati?

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda, misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa, Nsanje ndi maboma ena a kummwera, ndipo anthu opitirira 1,000 anataya miyoyo. Patangotha chaka, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha chilala chimene chinabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno kummwera kwa Africa. Munda womwewo umene unamira chaka china, chaka chotsatira chimanga chake chinapserera chisanabereke.

Chiyambire pamenepo, pa wailesi ndi m'misonkhano mwachuluka mawu awiri a Chingerezi, food systems ndi resilience, ndipo onse owatchula amamaliza ndi kunena kuti pakufunika kafukufuku. Koma ndalama za kafukufuku n'zochepa, akatswiri ndi owerengeka, ndipo mbewu imodzi yatsopano imatha zaka zambiri isanafike m'manja mwa mlimi. Nkhani yagona pa kusankha: mafunso ati ayankhidwe msanga, ndipo chifukwa chiyani.

Mawu awiriwa akutanthauza chiyani

Food system ndi ulendo wonse wa chakudya, kuyambira pa mbewu ndi nthaka, kudutsa m'munda, m'nkhokwe, kwa vendala, pa chigayo, mpaka pa mbale. Mlatho wa ku Chikwawa ukaduka, phwetekere wa m'dimba amawolera m'madengu ngakhale mvula inagwa bwino. Magetsi akazima sabata yathunthu, chigayo chimaima. Zonsezi ndi mbali ya ulendowu.

Resilience ndi kupirira: kulandira nkhonya osagwa, kapena kugwa n'kudzuka msanga. Tanthauzo limeneli limasintha kafunsidwe ka ofufuza. Kale funso lalikulu linali lakuti mbewu kapena njira iyi imabereka matumba angati mvula ikagwa bwino. Funso la kupirira ndi lakuti imasiya matumba angati m'chaka choipa. Mbewu yobereka matumba 40 m'chaka chabwino ndi 5 m'chaka cha ng'amba ikhoza kuposa inzake pa avereji ngati zaka zabwino n'zochuluka, koma banja lodya zimene lakolola lingasankhe ya matumba 32 ndi 18, chifukwa njala ya Febuluwale siidziwa avereji.

Masabata anayi amene amaweruza chimanga

Chimanga chimapirira ng'amba chikadali chaching'ono. Masamba amapindika masana, mvula ikabwera chimatsitsimuka. Nthawi yoopsa ndi masabata awiri chisanamasule ngayaye ndi masabata awiri chitamasula. Ngayaye imatulutsa mungu kwa masiku ochepa chabe, ndipo ulusi uliwonse wa ndevu za chimanga uyenera kulandira mungu kuti njere imodzi ipangike. Chinyezi chikasowa, ngayaye imamasula pa nthawi yake koma ndevu zimachedwa kutuluka. Zikamatuluka, mungu watha kale. N'chifukwa chake mumapeza phesi lalitali bwino koma chitsononkho chili ndi njere zowerengeka ngati mano a nkhalamba.

Opanga mbewu zopirira chilala amayeza masiku a pakati pa kumasula kwa ngayaye ndi kutuluka kwa ndevu. Amabzala mitundu mazanamazana m'chilimwe pamalo othirira, n'kutseka madzi dala chimanga chikayandikira kumasula, ndipo amasunga mitundu imene ndevu zake sizichedwa. Ntchito yotere ndi imene mabungwe akunja ofufuza za ulimi a CIMMYT ndi IITA anagwira mogwirizana ndi maiko 13 a mu Africa kuyambira cha m'ma 2007, ndipo ku Malawi inatulutsa mbewu monga ZM309 ndi ZM523 mu 2009.

Chimene chatsalira m'mbuyo ndi kutentha. Ofufuza atasanthula zotsatira za minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000 mu Africa, anapeza kuti kutentha kukadutsa madigiri 30, digiri iliyonse yowonjezera yokhala tsiku lathunthu imachotsa pafupifupi 1 peresenti ya zokolola pamene chinyezi chilipo, ndi 1.7 peresenti pamene kuli chilala. Kutentha kumaumitsa mungu ndipo kumafulumizitsa mbewu kukhwima njere zisanadzaze. Mbewu yopirira chilala siikhala yopirira kutentha nthawi zonse, ndiye madera ngati Chigwa cha Shire, Salima ndi Karonga ndi ofunika kwambiri poyesera mbewu, popeza kutentha kwa kumeneko lero kukhoza kufanana ndi kwa madera okwera m'zaka zikubwerazi.

Pali msampha wina. Mbewu yocha msanga, ya masiku 90 mpaka 110, imathawa mvula yosiya msanga, koma siithawa ng'amba ya pakati pa nyengo. Ng'amba ya masabata atatu ikagwera pa nthawi yake yomasula, imapsa chimodzimodzi, ndipo mvula ikapitirira mpaka Epulo imawolera m'munda. Alangizi ambiri amalimbikitsa kugawa munda, mbali ina yocha msanga, ina yochedwerapo, kuti zisamasule sabata imodzi. Kagawidwe koyenera dera lililonse ndi funso limene likufunika minda yoyeserera ya zaka zingapo.

Ndipo mbewu iyenera kudutsa pa mtondo. Kwa zaka zambiri alimi a ku Malawi ankalima haibulidi kuti agulitse, n'kusunga chimanga cha makolo kuti adye, chifukwa haibulidi wa njere zofewa ankaphwanyika pokonola, mphale inkachepa, ndipo anankafumbwe ankamulowa msanga. Zinthu zinasintha mu 1990 pamene akatswiri a pamalo ofufuzira za ulimi a Chitedze anatulutsa haibulidi wa MH17 ndi MH18, za njere zolimbirapo. Wofufuza amene sanafunse amayi okonola ndi ophika amapanga mbewu yokongola m'kaundula basi.

Nanga zosakhala chimanga?

Apa pali mtsutso weniweni. Ena amati chimanga ndicho chakudya cha Amalawi, ndiye ndalama zipite kumene anthu ali. Ena amati kudalira mbewu imodzi ndiye gwero la vuto, ndipo mapira, mawere, mchewere, chinangwa, mbatata, nandolo ndi khobwe zapatsidwa chidwi chochepa poyerekeza ndi mphamvu zake pa chilala. Mbali zonse zili ndi mfundo.

Mitundu yabwino ilipo kale: mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2, mbatata zofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Kaphulira, nandolo wa Mwaiwathu alimi, mtedza wa Nsinjiro umene umapirira matenda a khate. Chimene chimalepheretsa nthawi zambiri chili kunja kwa mbewuyo. Mapira amadyedwa ndi mbalame, ndipo ana amene ankaingitsa mbalame masiku ano ali kusukulu. Mawere ndi otopetsa kupuntha. Mbatata ikakumbidwa siichedwa kuwola, ndipo kusunga mbewu yake kudutsa chilimwe chotentha kumafuna dimba kapena njira yosunga timbatata mumchenga wouma kuti tidzaphuke mvula ikayandikira. Chinangwa chimafalitsa matenda ake kudzera m'mitengo yobzala yomwe anthu amagawana. Kafukufuku wofunika pano ndi wa makina opunthira, kasungidwe, kuchulukitsa mbewu zopanda matenda ndi misika, osati wa mitundu yatsopano yokha.

Nkhokwe ya mbewu za makolo imene ili ku Chitedze, pamodzi ndi ya maiko a SADC ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka, imasunga mitundu imene ikutha m'midzi. Kusunga kokha sikukwanira. Mtundu uliwonse uyenera kubzalidwa, kuyezedwa pa chilala ndi kutentha, n'kulembedwa, kuti wopanga mbewu adziwe poyambira.

Nthaka ngati mtsuko wa madzi

Mvula ya masiku ano imakonda kugwa yambiri nthawi imodzi kenako n'kusowa. Chimene chimapulumutsa mbewu pakati pa mvula ziwiri ndi madzi amene nthaka yasunga. Nthaka ya manyowa ambiri ili ngati mtsuko wathunthu, pamene yoguga ili ngati mtsuko wobooka. Kafukufuku wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, anayerekeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa chaka, ndipo dothi lopitalo ndi lapamwamba, lachonde. Komanso kulima ndi khasu kuya kofanana chaka ndi chaka kumasiya chigamba cholimba pansi pa mizere, chimene mizu imalephera kuboola. Mizu ikangoyenda m'mbali, sabata imodzi ya dzuwa imakwanira kufotetsa mbewu.

Njira zothana ndi izi n'zodziwika: akalozera ndi udzu wa vetiva, mizere yotseka m'mabokosi, mayenje, kuphimbira ndi mapesi, ulimi wa mtayakhasu, mitengo ya chonde monga msangu ndi gilisidiya, ndiponso kuphatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi kenako chimanga chaka chotsatira. Chosadziwika bwino ndi chakuti njira iti ikuyenera nthaka iti, ndi banja liti. Mizere ya mabokosi imasunga madzi m'chaka cha ng'amba, koma pa dothi la makande m'chaka cha mvula yambiri imamiza mbewu. Kuphimbira kumafuna mapesi ochuluka, pomwe mapesiwo amalimbiranidwa ndi ziweto, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Mtayakhasu umachulukitsa udzu m'zaka zoyamba, ndipo ntchito yopalira imagwera kwambiri amayi. Ambiri amene anayamba njirazi polojekiti ilipo anazisiya itatha, ndipo kudziwa chifukwa chake ndi kafukufuku wofunika ngati wina aliyense.

Za feteleza zimalumikizana ndi zomwezi. Dziko linachoka pa feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S kupita pa wa 23:10:5+6S+1Zn ofufuza atapeza kuti nthaka zambiri zikusowa potaziyamu, salufa ndi zinki. Komabe thumba lomwelo limabweza zosiyana kwambiri m'minda yoyandikana. Pa nthaka yowawasa, imene ikufuna laimu, kapena yodzadza ndi kaufiti, feteleza amapita pachabe. Feteleza wobereketsa akathiridwa dothi lili gwa, kapena kutangotsala tsiku kuti kugwe chimvula, amauluka kapena kukokoloka. Ofufuza akufuna mapu a nthaka atsatanetsatane, ndi malangizo onena kuti mlimi agawe bwanji feteleza wake malinga ndi mmene mvula yayambira. Feteleza wa Mbeya, wosakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza wa m'sitolo pang'ono n'kuvundika masiku 21, wafala kwambiri chifukwa cha kukwera kwa mitengo, koma miyezo imasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo phulusa likachuluka limathamangitsa nayitulojeni wina. Pakufunika kuyeza kuti thumba lotere lili ndi chakudya cha mbewu chochuluka bwanji.

Phunziro la inshuwalansi ya 2016

Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza ulosi wa dzinja chaka chilichonse mvula isanayambe. Ulosiwu umanena za mwayi, mwachitsanzo kuti dera lili ndi mwayi waukulu wolandira mvula yochepera pa nthawi zonse. Mlimi amafuna zina: mvula yobzalira ibwera liti, ndipo kodi pambuyo pake pakhala ng'amba ya masiku 10 kapena kuposa? Aliyense amadziwa kuti chizimalupsa si mvula yobzalira, koma masiku ano ngakhale mvula ya Novembala imanamiza, anthu n'kubzala kawiri kapena katatu. Kulosera kayambidwe ka mvula ndi ng'amba za pakati pa nyengo, pa mlingo wa dera la mlangizi mmodzi, ndi limodzi mwa mafunso ovuta kwambiri, ndipo silingayankhidwe popanda zoyezera mvula zambiri zowerengedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Setilaiti imaona mitambo, koma iyenera kuwongoleredwa ndi zimene zagwadi pansi, makamaka m'madera a mapiri ngati Mulanje ndi Dedza.

Kufunika kwa manambala olondola kunaoneka poyera mu 2016. Malawi anagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union. Chilala cha El Niño chinasiya anthu pafupifupi 6.5 miliyoni akufuna thandizo la chakudya, koma pulogalamu ya kompyuta yowerengera chiwonongeko inasonyeza kuti ovutika ndi ochepa, ndipo ndalama sizinatuluke. Atafufuza anapeza kuti pulogalamuyo inauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri anali atasamukira ku chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yomasula. Atakonza nambala imodziyo, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni kumayambiriro kwa 2017, miyezi yambiri njala itayamba kale. Kudziwa chimene alimi akubzaladi, tsiku limene abzala ndi zimene akolola kumaoneka ngati ntchito wamba ya kalaliki, koma zonse zinazi zimatsamira pamenepo.

Mbozi ndi matenda

Mbozi zachilendo zolowa m'mtima wa chimanga, zimene ambiri amangozitcha ntchemberezandonda, zinachokera ku America ndipo zinafika m'dziko muno m'dzinja la 2016/17. Zimaswana msanga kukatentha ndipo zimaononga kwambiri m'nyengo ya ng'amba, pomwe chimvula chimakokolola tiana take. Malangizo ake ndi kuyendera munda kamodzi kapena kawiri pa sabata, kuima malo 5 osiyana n'kuyang'ana mapesi 10 pamalo aliwonse, ndipo ngati chimanga chikadali chaching'ono, kuchitapo kanthu mapesi 10 mwa 50 akapezeka ndi zizindikiro zatsopano. Mankhwala amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono, atathiridwa m'mawa kwambiri kapena madzulo, molunjika m'mtima. Kubwereza mankhwala amodzimodzi kumazizoloweretsa. Alimi apeza njira zawo, monga mchenga, phulusa, madzi a nimu ndi msuzi wa usipa woitana nyerere, ndipo njirazi zikufunika kuyesedwa mofanana ndi mankhwala a m'sitolo. Mbewu zosinthidwa chibadwa mu labotale nazo zikuyesedwa, ndipo thonje lotere linaloledwa kale, koma pa chakudya anthu akadali ogawanika pa za mtengo wa mbewu, umwini wake ndi misika.

Mthirira

Dziko lili ndi mahekitala opitirira 400,000 amene angathiriridwe, ndipo polojekiti ya Chigwa cha Shire yokha ikulinga mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, pomwe ngalande yaikulu ya polojekitiyi imayambira. Mainjiniya amamanga poyerekeza ndi madzi osefukira aakulu amene angabwere kamodzi pa zaka zambiri, koma manambala akalewo sakugwiranso, ndiye ayenera kuwerengedwanso. Mapampu a sola akufalikira m'madimba pamene madzi a pansi pa nthaka sanayezedwe mokwanira, ndipo m'madera ena a Chigwa cha Shire madziwa ndi amchere, oti akathiriridwa zaka zingapo amapha nthaka. Nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndi 1995, imasonyeza kuti mpunga, nsomba ndi ziweto za dera limodzi zikhoza kugwa nthawi imodzi.

Zokolola zikafika pakhomo

Thumba lopulumutsidwa m'nkhokwe silifuna feteleza kapena mvula ina, komabe gawo ili limalandira chidwi chochepa. Chimanga chiyenera kuuma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti chisanasungidwe. Wopanda makina oyezera angathe kuika njere m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Matumba osalowa mpweya monga a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba lolukidwa kunja, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala. Amalephera ngati khoswe waboola, ngati pulasitiki iliyonse sinamangidwe payokha, kapena ngati chimanga chinalowa chonyowa. Mvula yochedwa kusiya ndi chiperoni cha m'miyezi yokolola zikuchititsa kuti kuumitsa padzuwa kusadalirike, ndiye zoumitsira zotsika mtengo ndi funso la kafukufuku, monga mmene zilili nyumba za pulasitiki zoumitsira usipa m'mbali mwa nyanja.

Chuku ndicho choopsa kwambiri chifukwa poizoni wake, aflatoxin, saoneka, samva kuphika, ndipo amaononga chiwindi. Pa mtedza vutoli limayambira m'munda: ng'amba ndi nthaka yotentha m'masabata omaliza zimang'amba makoko, chuku n'kulowa. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usweke mosavuta, kapena kuti ulemere pa sikelo, kumawonjezera moto. Maiko a European Union salola mtedza wodya wopitirira magawo 4 pa biliyoni, ndiye mtedza wabwino umasankhidwira kunja, wotsalira n'kukhala nsinjiro ndi chiponde cha ana pakhomo. Kutentha kukamakwera, madera a chuku akukula. Ofufuza akuyesa chuku chopanda poizoni chomwazidwa m'munda kuti chipitikitse choipacho, kaunjikidwe ka mtedza poumitsa, ndi zoyezera zoti zizigwira ntchito pamsika.

Kukhuta nakonso si thanzi. Kafukufuku wa 2015/16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Chaka choipa chikafika, ndiwo ndi zimene zimayamba kusowa: mbuzi ndi nkhuku zimagulitsidwa, nyemba zimadula. Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso, ndi wotsika mtengo, ndipo nkhuku zopulumukazo ndi zimene banja limagulitsa kuti ligule chimanga.

Ndalama, ndi mtunda wochokera ku Chitedze kufika kumunda

Maiko a African Union anagwirizana kuti kafukufuku wa ulimi azilandira 1 peresenti ya chuma chochokera ku ulimi. Ku Malawi, kuyambira 2005 gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe lakhala likupita ku zipangizo zotsika mtengo. Oikira kumbuyo ndondomekoyi amati imadyetsa anthu chaka chomwecho, pamene kafukufuku amabereka patapita zaka khumi. Otsutsa amati feteleza pa nthaka yoguga ndi m'chaka cha chilala sabweza ndalama zake, ndipo malo ofufuzira monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Lunyangwa, Kasinthula ndi Lifuwu, pamodzi ndi sukulu ya LUANAR ku Bunda, amadalira kwambiri mapolojekiti a zaka zitatu kapena zisanu. Mafunso a nthaka ndi nyengo sayankhika pa zaka zitatu, popeza polojekiti ikhoza kutha isanakumane ndi chilala n'chimodzi chomwe.

Pamalo ofufuzira haibulidi amatha kupitirira matani 6 pa hekitala, atabzalidwa njere imodzi pa phando, masentimita 25 pakati pa mapando ndi 75 pakati pa mizere, kupanga mapesi 53,000 ndi kupitirira. Avereji ya dziko imazungulira pa matani 2. Pofuna kuchepetsa mpatawu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuno ku Malawi kunayambika njira yoyesera yotchedwa mayi ndi ana: munda umodzi waukulu pakati pa mudzi umakhala ndi njira zonse zoyesedwa, ndipo alimi makumi angapo amatenga ziwiri kapena zitatu n'kukaziyesa m'minda mwawo, ndi khasu lawo ndi nthawi yawo. Njirayi inafalikira m'maiko ambiri chifukwa imaonetsa zimene malo ofufuzira amabisa, monga kuchedwa kupalira chifukwa banja linapita ku ganyu.

Mbewu ikavomerezedwa, ulendo sunathe. Kambewu kochepa ka wopanga kayenera kuchulukitsidwa magawo angapo, gawo lililonse dzinja lake, kasanafike m'sitolo. Makampani amakonda haibulidi wa chimanga chifukwa mlimi amagulanso chaka chilichonse, pamene mtedza, nandolo ndi mapira mlimi amasunga yekha, ndiye ochulukitsa ndi ochepa. Mtedza ndi wovutanso chifukwa umafuna makilogalamu 80 kapena kuposa pa hekitala ndipo umabweza mwina kakhumi kokha, pamene makilogalamu 25 a chimanga amabweza mowirikiza maulendo makumi angapo. Lamulo la mbewu la 2022 linakhwimitsa zilango kwa ogulitsa mbewu zachinyengo, zopaka utoto, koma kuzigwira kumafuna oyendera misika ndi malabotale oyezera kameredwe m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene alimi akugula.